Mantha a imfa ntchito ikatha

Mwafunsa chifukwa chake mantha a imfa akukulirani chichotsedwereni ntchito, chonsecho simukudwala. Simuli nokha, ndipo mutu wanu sunasokonekere ayi.

Mu 1986, akatswiri a zamaganizo Jeff Greenberg, Tom Pyszczynski ndi Sheldon Solomon anafotokoza kuti munthu amatchinjiriza mantha amenewa ndi zinthu ziwiri: kukhala m'gulu lomwe lidzapitirire iye atapita, komanso kudziona kuti ndi wofunika m'gululo. Kafukufuku wina wapambuyo pake sanatsimikize mfundo zawo zonse, koma pankhani yanuyi zikumveka. Ntchito inkakupatsani ziwirizi pakamodzi. Lero foni yangoti zii, palibe akukudikirani m'mawa, ndiye maganizo amakupezani usiku.

Kungocheza sikukwanira. Pezani udindo, ngakhale waung'ono, woti anthu azikudalirani sabata iliyonse ndipo mukajomba aziona. Akhale malo awiri kapena atatu, chifukwa mukaika ulemu wanu wonse pamalo amodzi, malowo akagwa mugwa nawo. Chenjeraninso ndi magulu amene amakulimbitsani mtima ponyoza anthu akunja. Mantha amangobisala, sachoka.

Ngati mtima ukumathamanga ndipo tulo tikusowa kwa masabata angapo, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo.