Mwana wanu asakadzitsekere m'chipinda ku Nairobi

Mayi wina wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu walemba kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mlangizi wa zaulimi, wasankhidwa kukachita nawo maphunziro a masabata awiri ku Nairobi okhudza mbewu ya mbatatesi. Akuti mtsikanayo ndi wamanyazi, ndipo amulangiza kuti akaweruka azikakhala m'chipinda chake kuti asunge alawansi komanso apewe anthu osawadziwa. Akufunsa ngati alangiza bwino.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo pa zoti asamayende yekha usiku mumzinda wachilendo ndikugwirizana nanu. Koma pa zodzitsekera m'chipindazo ndikupempha kuti mukhalenso naye pansi. Zimene aphunzitsi amanena m'kalasi amazigawanso pamapepala, moti munthu angathe kuziwerenga ali kwawo. Chimene sichilembedwa ndi chija amauzana alangizi okhaokha pa nthawi ya tiyi, kapu ili m'manja, wina akufotokoza mmene alimi a kwawo amalimbanirana ndi matenda a chiwawu mvula ikachuluka, wina akudandaula za mbewu yobwerezabwereza imene imatsitsa zokolola. Kumeneko ndiye kuli phindu la ulendowu, ndipo amene amadya mabisiketi yekha kuchipinda pofuna kubwera ndi ndalama zogulira malata saziona zimenezi.

Manyazi amachepa munthu akakhala ndi choti anene, ndipo mwana wanu ali nacho. Wakulira kumene mbatatesi ndi chuma cha pakhomo, amadziwa mmene matumba amasokedwera mpaka kutumphuka pamwamba, ndiponso mmene mavenda amatsitsira mtengo mlimi akapanikizika. Asananyamuke ajambule pafoni minda ya ku Tsangano ndi msika wa pa Lizulu, chifukwa mnzake wochokera ku Nyandarua, dera lozizira la ku Kenya lotchuka ndi mbewu yomweyi, akaona zithunzizo sangalephere kufunsa mafunso. Chingerezi chisamuopse, pakuti ambiri mwa anzakewo nawonso anachiphunzira kusukulu, ndipo akamva Chiswahili adzadabwa kuti nyama, mbuzi ndi moto amazitchula monga ife.

Pa magulu a zokambirana asathamangire kukhala ndi Amalawi anzake, ngakhale kuti mtima umakokera komweko. Akapezeka aphunzitsi a ku International Potato Center, bungwe lofufuza za mbatatesi limene linakhazikitsidwa mu 1971 ndipo likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru, awafunse funso limodzi lochokera kumunda kwenikweni, kenaka apemphe imelo yawo. Manambala a WhatsApp alembe pamodzi ndi dziko ndi ntchito ya mwini wake, chifukwa pakatha mwezi mayina amasokonekera.

Aonetsetsenso kuti pasipoti yake yatsala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi isanathe ntchito. Inuyo mukamamuimbira madzulo, kumbukirani kuti nthawi ya ku Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo akapanda kuyankha msanga musadandaule, mwina ali pa chakudya ndi anzake.