Ajeremani ndi mowa wa ku Britain

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Ajeremani ambiri amaunyoza mowa wa ku Britain. Nkhani yagona pa chizolowezi. Iwo anakulira Pils ndi Helles, mowa wa kwawo wozizira bwino, wa thovu lambiri pamwamba. Tsono akalawa bitter, mtundu wa mowa wa ku Britain, wotungidwa mu mgolo, wosungidwa pa madigiri pafupifupi 12, wampweya wochepa, amangoti ndi wofunda komanso wosukuluka. Amanyadiranso lamulo la 1516 la ku Bavaria, dera la ku Germany, loti mowa ufulidwe ndi madzi, balere ndi hops (maluwa a chomera owawitsa mowa) basi.

Koma si onse ayi. Altbier, mowa wa mumzinda wa Düsseldorf ku Germany, amafulidwa ndi yisiti yowira pamwamba ngati ya bitter, ndi wofiirira, ndipo amawawirako chimodzimodzi. Ine ndimaona kuti wozolowera Altbier sachedwa kuukonda bitter wa ku Yorkshire, dera la ku England.