Pa nambala yoyamba tengani womenya, oponya mudzawapeza kutsogoloko

Achimwene, funso lanu lili ndi nthambi zambiri. Mwati timu yomwe mukuyendetsa mu ligi yanu ya baseball ya pa kompyuta yathera pansi, ndiye mwagwera mwayi wosankha koyambirira pa draft (pomwe matimu amapatsana mpata wosankha osewera atsopano chaka chilichonse), ndipo mtima wagawanika pakati pa mnyamata wa sekondale woponya mpira pa liwiro la mamailosi 100 pa ola ndi womenya wa ku koleji amene wasewera kale zaka zitatu. Mwafunsanso za makochi ndi za anyamata a ku Dominican Republic. Izozo ayankhe ena. Ine ndiyankha za nambala yoyambayo, ndipo ndi zomwenso ndingauze timu yeniyeni ya MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, itandifunsa: tengani womenyayo, mnyamata wa mkono wamotoyo musiyeni.

Ndimakhala kuno ku Houston ndipo ndimasapota Astros, ndiye nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu. Timu yathu inasankha koyamba zaka zitatu zotsatizana, 2012, 2013 ndi 2014, ndipo kawiri inatenga woponya. Mu 2013 anatenga Mark Appel wa ku Stanford, mwana wobadwira mu Houston momwemuno, nkumupatsa madola oposa 6 miliyoni. Aliyense ankati ameneyu ndi wakupsa kale, chaka chimodzi chokha adzakhala ali mu ligi yaikulu. Nambala yachiwiri Cubs inatenga Kris Bryant, amene chaka chomwecho anali atamenya ma home run 31 ku University of San Diego. Bryant anakhala Rookie of the Year mu 2015, MVP mu 2016, ndipo chaka chimenecho Cubs inatenga World Series, chikho chachikulu cha MLB, koyamba chitengereni mu 1908. Appel sanaponyerepo Astros mu ligi yaikulu ngakhale kamodzi. Anamutumiza ku Phillies, anasiya kusewera kwa kanthawi, ndipo anadzaponda bwalo la MLB mu 2022 ali ndi zaka 30. Dziwani kuti ameneyu anali wa ku koleji, amene amati ndi wosaopsa kutenga.

Cha 2014 ndiye chinatipweteka kwambiri. Anasankha Brady Aiken, wamanzere wa zaka 17 wa sekondale ya ku San Diego. Anagwirizana madola pafupifupi 6.5 miliyoni, koma madokotala atamujambula chigongono anaona zomwe sizinawasangalatse. Timu inatsitsa mtengo, banja linakana, tsiku lomaliza losainira linadutsa. Chomvetsa chisoni nchakuti vutolo linagweranso mnyamata wina wosalakwa, Jacob Nix, yemwe anamutenga mu raundi yachisanu atamulonjeza madola 1.5 miliyoni: ndalama zakezo zimayenera kuchokera pa zotsala za Aiken, ndiye Aiken atapanda kusaina, za Nix zinapita nazo limodzi. Mu March 2015 Aiken anachitidwa opaleshoni ya Tommy John, yokonza mtsempha wa m'chigongono. Cleveland inamutengabe pa nambala 17 chaka chimenecho, koma ligi yaikulu sanaione.

Ndipo mnyamata wanu wa mamailosi 100 uja tinamuona kale mu draft yomweyo. Dzina lake Tyler Kolek, wa ku Shepherd kuno ku Texas, kumpoto pang'ono kwa Houston. Marlins inamutenga pa nambala yachiwiri nkulipira madola 6 miliyoni. Mu 2016 chigongono chinaduka mtsempha, ndipo sanadutse ligi zapansi za A. M'mbuyo mwa anyamata awiriwa munali Kyle Schwarber pa nambala 4, Michael Conforto pa 10, Trea Turner pa 13, Matt Chapman pa 25. Onsewa omenya a ku koleji, ndipo onse anafika nkukhala ma All-Star.

Si tsoka chabe ayi, pali chifukwa chake. Kuponya mwamphamvu chotere kumakoka kamtsempha ka mkati mwa chigongono kufika pamalire ake, ndipo mwana wa zaka 18 thupi likukulabe. Kuti afike ligi yaikulu ayenera kukwera masitepe a ligi zazing'ono, A, High-A, Double-A, Triple-A, nthawi zambiri zaka zinayi kapena zisanu, ndipo chaka chilichonse mkono uyenera kupulumuka. Opaleshoni ya Tommy John yokha imadya chaka ndi miyezi ingapo, ya phewa ndiye ambiri sabwereranso mwakale. Komanso ku sekondale mwana woponya mamailosi 98 pa ola safunikira china chilichonse, anzake amangopupuluma nkuphonya. Simudziwa ngati adzaphunzira changeup (mpira wochedwa wooneka ngati wothamanga), kapena ngati angalunjike pakona pomwe catcher (wowakha mpira kumbuyo kwa womenya) wamuuza, mpaka atakumana ndi akuluakulu omwe liwiro siliwaopsa. Liwiro lija ndi chikomekome cha mkuyu, zamkati mumaziona mutalipira kale. Draft inayamba mu 1965, ndipo mpaka lero palibe timu inatengapo woponya wamanja wa sekondale pa nambala yoyamba. Amanzere atatu okha: David Clyde mu 1973, amene Rangers inamuthamangitsira ku ligi yaikulu atangomaliza sukulu nkutha msanga, Brien Taylor wa Yankees mu 1991 amene anavulala phewa pa ndewu mu 1993 osafika konse, ndi Aiken.

Ndikudziwa wina atchula Clayton Kershaw, Madison Bumgarner ndi Zack Greinke. Zoona, onsewo anachokera ku sekondale. Koma Kershaw anapita pa nambala 7, Bumgarner pa 10, Greinke pa 6, ndipo timawakumbukira chifukwa anapulumuka. Anzawo ambiri omwe anatengedwa m'maraundi oyamba zaka zomwezo palibe amawatchulanso. Woponya yekha amene ndingamuvomere pamwamba ndi wonga Paul Skenes, amene Pirates inatenga mu 2023 nkumupatsa madola 9.2 miliyoni. Ameneyo anali atatulutsa omenya 209 ndi ma strikeout (womenya kulephera katatu nkutuluka) mu sizoni imodzi ku koleji ya LSU, mu ligi ya SEC momwe muli makoleji olimba kwambiri, ndipo chaka chisanathe anali ali mu ligi yaikulu. Ngati mu draft yanu muli wotero, mutengeni. Koma mwanena nokha kuti wanuyo ndi wa sekondale.

Tsono onani chomwe chinaiwombola Astros. Chifukwa Aiken sanasaine, inapatsidwa nambala yachiwiri mu 2015, nkutenga Alex Bregman wa ku LSU, kenako Kyle Tucker pa nambala 5. Onse omenya, ndipo onse anali m'timu yomwe inatenga World Series mu 2022. Oponya a timu imeneyo ambiri anabwera motchipa: Framber Valdez ndi Cristian Javier anasaina madola 10,000 aliyense kwawo ku Dominican Republic, Justin Verlander anabwera posinthanitsa osewera. Kale pang'ono Dallas Keuchel, amene anatenga Cy Young, mphoto ya woponya wabwino koposa, mu 2015, anali wa raundi yachisanu ndi chiwiri. Jacob deGrom Mets inamupeza mu raundi 9 mu 2010, munthu amene ku koleji ankasewera shortstop (wotchinga pakati pa second base ndi third base). Oponya muziwatenga ambiri kuyambira raundi yachitatu kupita m'tsogolo, ena adzavulala, awiri atatu adzatuluka abwino. Womenya wodalirika, woikidwa pakati pa mndandanda wa omenya, sapezeka kawirikawiri kumusi kuja. Albert Pujols wa raundi 13 ndi Mike Piazza wa raundi 62 amatchuka chifukwa zoterozo ndi zapatalipatali, ndipo pano maraundi anatsala 20 okha.

Amene ayankha m'mwambamu kuti mungoyang'ana amene ali ndi avereji yomenyera yaikulu ku koleji, pepani, akusokeretsani. Ku koleji amamenya ndi bat yachitsulo, mpira umauluka ngakhale sunagundidwe pakati. Ine ndimayamba kuona ma strikeout ndi ma walk (kupita ku first base mwaulere atalekerera mipira inayi yoipa). Mnyamata amene amaphonya kwambiri ku koleji adzaphonya koposa akakumana ndi oponya a Double-A, ndipo diso losiyanitsa mpira wabwino ndi woipa ndi lovuta kuphunzitsa munthu atakula. Chachiwiri, anachita bwanji ndi bat yamatabwa. Nchifukwa chake maskauti amadzadza ku Cape Cod League ku Massachusetts nyengo yotentha, komwe anyamata abwino a m'makoleji amakumana okhaokha ndi bat zamatabwa. Chachitatu ndi malo omwe amaima. Shortstop, center fielder kapena catcher, bat yake ikangokhala yapakatikati adakali ndi ntchito, ndipo shortstop mutha kumusunthira kulikonse. Wa first base bat ikakana, zathera pomwepo.

Enanso alemba kuti wa sekondale aliyense ndi woopsa. Apo sindikuvomereza. Chenjezo langa ndi la oponya. Omenya a sekondale otengedwa pamwamba mbiri yawo ndi yabwino: Ken Griffey Jr. mu 1987, Chipper Jones mu 1990, Alex Rodriguez mu 1993, Joe Mauer mu 2001, Carlos Correa wa Astros mu 2012, Bobby Witt Jr. pa nambala yachiwiri mu 2019. Chofunika kwambiri apa ndi zaka. Griffey, Rodriguez ndi Correa onse anali ndi zaka 17 tsiku la draft. Mwana wa 17 amene akufanana ndi wa 19 ndiye wabwino kuposa, chifukwa adakali ndi zaka ziwiri zokula. Mike Trout nayenso anali ndi 17 mu 2009, koma anafika mpaka nambala 25 Angels isanamutenge, mwa zina chifukwa kwawo ku Millville, New Jersey, kumazizira, sizoni ndi yaifupi ndipo maskauti sankamuona mokwanira. Nkhani ya Chipper Jones ikukhudzanso funso lanu: chaka chimenecho aliyense ankakamba za Todd Van Poppel, woponya wa sekondale ya ku Texas. Braves inatenga Jones, amene pano ali mu Hall of Fame, ndipo Van Poppel anapita ku Oakland pa nambala 14 osakhala chomwe anthu ankayembekeza.

Musasankhenso poyang'ana pomwe timu yanu ikuperewera lero. Uwu si mpira wa basketball kuti mnyamata ayamba kusewera mwezi wamawa. Pofika nthawi yomwe adzakhale wokonzeka, theka la timu lidzakhala litasintha. Tsiku lomwe Astros inasankha Bregman, amene anali shortstop, ndi tsiku lomwelo Correa anasewera gemu yake yoyamba ya MLB pa shortstop pomwepo. Sanadandaule nazo, Bregman anamusunthira ku third base. Mets mu 1966 inatenga catcher Steve Chilcott pa nambala yoyamba nkusiya Reggie Jackson, ndipo Chilcott sanafike ligi yaikulu.

Za ndalama, ngati ligi yanuyo ikutsata malamulo enieni. Kuyambira 2012 timu iliyonse ili ndi thumba la malire la maraundi khumi oyamba, ndipo nambala iliyonse ili ndi mtengo wake. Mu 2024 ndi 2025 yoyamba inali cha m'ma madola 10 kapena 11 miliyoni. Mukapyola thumba pang'ono mumalipira chindapusa, mukapyola ndi zoposa 5 peresenti amakulandani mwayi wosankha mu raundi yoyamba ya chaka chamawa. Mnyamata wa m'maraundi khumi amenewa akapanda kusaina, mtengo wa nambala yake umachoka m'thumba, zomwe zinamuchitikira Nix zija. Choncho musanatchule dzina la munthu, dziwani kuti asaina pa zingati, makamaka wa sekondale amene ali ndi malo omudikira ku koleji ndipo akhoza kungokukanani.

Pali njira yanzeru yogwiritsira thumbali. Mu 2012 mtengo wa nambala yoyamba unali madola 7.2 miliyoni, Correa anasaina 4.8 miliyoni, ndipo zotsalazo anakopera Lance McCullers Jr. pa nambala 41 ndi 2.5 miliyoni. Mwaona, woponya wa sekondale anamutenga, koma kumusi, ndi ndalama zotsala, womenya ali kale m'manja. Matimu amatenganso anyamata a chaka chomaliza ku koleji m'maraundi a 6 mpaka 10 nkuwapatsa madola 10,000 kapena cha pamenepo, popeza alibe kobwerera, kuti apulumutse ndalama. Koma izi zimagwira ngati wotchipayo mumamukhulupiriradi. Padres mu 2004 inathawa mitengo nkutenga Matt Bush, shortstop wa mu San Diego momwemo, pa madola pafupifupi 3 miliyoni, ndipo sanaisewerereko mu ligi yaikulu. Ndiye sikuti womenya aliyense ndi wotsimikizika. Pa nambala yoyamba kuumira kumapweteka zaka khumi.

Lipoti la dokotala musalipeputse. Mets inatenga Kumar Rocker pa nambala 10 mu 2021 nkulephera kusainirana naye itaona zotsatira za kuchipatala. Ngati gemu yanu imaonetsa mbiri ya kuvulala, woponya amene wadandaulapo kale chigongono kapena phewa mutsitseni maraundi awiri atatu, ngakhale maskauti amuyamikire bwanji.

Kwa amene muli cha kuno ku Texas, kumapeto kwa February kapena kumayambiriro kwa March kumakhala mpikisano wa makoleji pa bwalo la Astros, masiku atatu, matimu akuluakulu amabwera. Malo oimika galimoto amatha kudula, ndiye kwerani sitima ya mumzinda. Khalani kumbuyo kwa catcher komwe maskauti amakhala ndi zida zawo zoyezera liwiro, muone kuti amalemba kwambiri pa mpira womwe womenya waulekerera kudutsa, osati pa home run yokha. Nanga inu achimwene, tumizani zaka za womenya wanuyo, malo omwe amaima, ndi ma strikeout ndi ma walk ake a chaka chatha, ndikuuzeni ngati ali woyenera nambala yoyamba kapena muyang'ane wina.