Mkanjo wakuda umene bambo akuuona pa foni

Mtsikana wina wa ku Ngabu wandilembera. Wakhoza MSCE ndi mapointi 17, ndipo bambo ake sakufuna kumva china koma uloya. Akuti madzulo aliwonse amamuonetsa pa foni zithunzi za maloya atsopano akulumbira atavala mikanjo yakuda, n'kumati: "Iwenso ukavale umenewu." Mwanayu sakudziwa ngati zamalamulo amazikonda. Chimene akudziwa n'chakuti bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti apeze fizi, ndiye kukana akuchita nako mantha.

Zotsatira zikangotuluka, makalata otere sasowa. Bambo, ndiyambe ndi inu, chifukwa mwandipsetsa mtima. Ng'ombe munagulitsazo zinali za sukulu ya mwana, sizinali chikole cha maloto anu. Mumatchula Mayi Anastasia Msosa, mayi woyamba kukhala mkulu wa makhothi onse m'dziko muno. Mukudziwa kuti digiri ya zamalamulo anaitenga ku Yunivesite ya Malawi mu 1975, koma mpando umenewo anaukhalira mu 2013? Zaka 38, bambo! Poyamba anali loya wa boma, wodikira malipiro a pamwezi ngati mphunzitsi. Martha Chizuma naye asanakhale Ombudsman, asanatsogolere bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB mu 2021, anali majisitireti. Ngakhale oweruza asanu amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, n'kulandira mphoto ya Chatham House, anafika pamenepo atakalambira m'mafayilo.

Tsono iwe mwanangu, mapointi 17 ndi abwino, koma asakunamize. Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba zamalamulo salowa ndi MSCE yokha. Umayamba wasankhidwa maphunziro ena, ukhoze bwino kwambiri chaka choyamba, kenako ukapikisane malo ndi anthu amene ena ali kale ndi madigiri. Ukalowa, zaka zinayi zowerenga milandu usiku ndi usana, m'Chingerezi chouma gwa. Ukatuluka pali MILE, sukulu yophunzitsa ntchito ya uloya, ndipo ukakhoza kumeneko m'pamene khothi limakulola kuimira anthu. Ambiri amatsalira panjira. Ngati kuwerenga kumakutopetsa, nena lero, ukhale pansi ndi bambo pamodzi ndi amalume ako.

Koma ngati mtima ulipo, ine ndikufuna uganize za kwanu. Chigwa cha Shire chili ndi milandu yochuluka kuposa oimira anthu. Madzi a Freddy mu 2023 anasamutsa mabanja, malire a minda anakokoloka, ndipo mikangano ya malo ilipobe. Amayi amasiye akulandidwa minda ndi abale a malemu. Odula nzimbe amachotsedwa ntchito osadziwa kokadandaula. Maloya ambiri adzadza ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamene agogo a ku Makhanga ngakhale ya basi yokafika kumeneko alibe. Loya wa Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira osauka pa milandu, kapena majisitireti womva Chisena ndi Chimang'anja popanda womasulira, ameneyo ndiye tikumusowa. Galimoto yapamwamba sudzaigula msanga, ndikuuziretu.

Usanasankhe, kwera minibasi upite ku khothi la majisitireti ku Nchalo kapena pa boma la Chikwawa. Milandu yambiri aliyense amaloledwa kumvera. Ukakhale pa benchi la kumbuyo masiku atatu, thukuta lili kamukamu, umve mlandu wa mbuzi yobedwa mpaka chigamulo. Bambonso apite nawe. Ukabwerako undilemberenso, undiuze ngati unafuna kubwerera tsiku lachinayi.