Funsani Akatswiri: Kodi mkuwa wathu ungakope mafakitale a ma chip?

Funso: Ndimakonza mafoni ku Town Centre. Ndimamva kuti makampani opanga ma chip amaunjikana dera limodzi, monga Dresden ku Germany ndi Penang ku Malaysia. Chimawakokera kumeneko n'chiyani? Ife mkuwa tili nawo, bwanji sabwera ku Lusaka? Wowerenga wa ku Matero.

Yankho: Bambo, mkuwa pawokha sungawakope. Mu chip, kachipangizo kakang'ono kamene kamayendetsa foni kapena kompyuta, ulimo ndithu, koma ndi timizere tosaoneka ndi maso, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa makina. Woika ndalama amayamba wafunsa kuti m'deralo muli kale ndani. Ku Dresden kuli kale makampani a ma chip a Infineon, GlobalFoundries ndi Bosch, amene anatsegula fakitale yake mu 2021, komanso yunivesite ya TU Dresden yosula mainjiniya. Makina akafa usiku, wowakonza ali mumzinda momwemo. Ogulitsa gasi ndi mankhwala alinso pafupi. N'chifukwa chake kampani ya ma chip ya TSMC ya ku Taiwan inasankha komweko mu 2023 kumanga fakitale ya ma euro oposa 10 biliyoni, boma la Germany n'kuikapo 5 biliyoni.

Chachiwiri ndi magetsi ndi madzi. Wafer, mbale yopyapyala ya silicon imene amapangirapo ma chip, ya mamilimita 300 imadutsa masitepe mazanamazana kwa miyezi pafupifupi itatu. Magetsi akangophethira, ngakhale kosakwana sekondi, ma wafer amene ali m'makina akhoza kutayidwa. Madzi oyeretsedwa mwapadera amafunika malita mamiliyoni tsiku lililonse. Ndiye aliyense amene akukumbukira kuthima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, adziwa pamene nkhani yathu ikuthina.

Chitsanzo chotiyenera ife ndi Penang. Intel inafika kumeneko mu 1972, osati kudzapanga ma wafer, koma kudzawadula, kulumikiza timawaya, kukuta ndi kuyesa. Ntchito imeneyi imafuna manja ambiri, ndipo katundu wake ndi wopepuka, amayenda pa ndege. Kusowa kwathu nyanja sikungatilepheretse pamenepa.

Funso: Gulu lathu likufuna kumalumikiza ma board a magetsi a sola ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone. Tiyambire pati, ndipo chimaonongeka kawirikawiri n'chiyani? Mayi wa ku Chilenje.

Yankho: Mayi, ganizo lanu ndi labwino, ndipo deralo lingakule kuyambira pa ntchito ngati imeneyi. Mzere wake uli ndi makina atatu: wopaka solder paste (phala la chitsulo chomatira) kudzera pa stencil (chitsulo chopyapyala chokhala ndi timabowo), woika tizipangizo pa board, ndi uvuni wosungunula, umene umafika madigiri 240 mpaka 250 ngati solder yake ilibe mtovu. Board ikatuluka muiyang'ane ndi kamera kapena maikulosikopu, kenako muiyese pa magetsi.

Zambiri zimaonongekera pa paste. Isungeni mufiriji pansi pa madigiri 10, ndipo muitulutse maola anayi musanatsegule chitini. Mukaitsegula ikadali yozizira imagwira mame, ndiye mu uvuni imathetheka n'kusiya timipira tolumikiza miyendo ya tizipangizo yosayenera kukhudzana. Ma chip amene agona panja pa paketi m'dzinja amamwa chinyezi, n'kung'aluka ndi nthunzi akalowa mu uvuni. Ayambe aumitsidwa pa madigiri 125 kwa nthawi imene wopanga analemba.

M'chilimwe vuto limatembenuka. Mpweya wa Lusaka ukauma mu Ogasiti ndi Seputembala, magetsi a m'thupi aja amene amakuthethetsani mukagwira chitseko cha galimoto amapha chip mwakachetechete, board n'kudzafera kwa kasitomala. Aliyense avale lamba wapadzanja wolumikizidwa ku nthaka, ndipo chinyezi cha m'chipinda chikhale pakati pa 40 ndi 60 peresenti.

Musanagule makina, pitani ku Zambia Development Agency mukafunse za msonkho wa zipangizo zolowa m'dziko. Pa bajeti muikepo UPS, batire yogwira ntchito magetsi akathima, yokwana kuyendetsa lamba wonyamula ma board mu uvuni mpaka jenereta italira, chifukwa lambayo akaima, ma board onse amene ali mkatimo amapsa.