Mtengo wa chibale cha kachilombo ka nshawa: muuike pati kuti ena auone?

Mlongo wina wa ku Katete amene akuphunzira zaulimi wandilembera imelo. Anatola masamba a nshawa zodwala kadukutu m'minda ya ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, ndipo atapima majini a kachilomboko, kompyuta inamujambulira mtengo wa chibale chake, chithunzi cha nthambi choonetsa tizilombo timene tili pachibale. Akufunsa kuti: "Ndiuike pati kuti aphunzitsi anga ndi alangizi aziutambasula okha, osati kungoona chithunzi?"

Achemwali, yambani mwatsegula fayilo yanu. Mukaona mayina atapanikizana m'mabulaketi ambirimbiri, imeneyo ndi Newick, mtundu wa fayilo yosungiramo mitengo yotere, ndipo mapulogalamu onse amene nditchule pano amailandira.

Ambiri adzakulozerani ku iTOL, webusayiti yoonetsera mitengo yotere imene anapanga Ivica Letunic ndi Peer Bork. Popaka nthambi mitundu ndi kuzunguliza mtengo kuti ukwane patsamba, ndi yabwino zedi. Koma kuti zimene mwakongoletsazo zisungike, pamafunika kulipira.

Ine ndikuti pitani ku webusayiti ya Microreact. Kadukutu amayenda ndi nsabwe za m'masamba kuchoka munda uwu kupita uwo, ndiye mlangizi sadzakufunsani kutalika kwa nthambi ayi. Adzafuna kudziwa ngati kachilombo ka ku Chadiza n'kapachibale ndi ka ku Lundazi. Microreact imaika mtengo, mapu ndi nthawi patsamba limodzi. Mumaipatsa Newick ija pamodzi ndi tebulo la CSV lokhala ndi dzina la tsamba lililonse la nshawa, manambala a GPS (latitude ndi longitude) ndi tsiku limene munatola. Mukasankha nthambi imodzi, pamapu pamaonekera midzi imene nthambiyo inachokera. Mayina a m'tebulo afanane ndendende ndi a pamtengo. Chilembo chimodzi chikasiyana, dontho la pamapu sililumikizana ndi mtengo. Mukatha, linki muitumize pa WhatsApp basi.

Apa pokha ndikupempheni. Manambala a GPS aja amaloza munda weniweni wa munthu, ndipo linki ikachoka m'manja mwanu simudziwa kumene ikafike. Mlimi anakulandirani ndi manja awiri. Asadzamveke kuti kwa uje ndiye kochokera matenda. Lembani malo a pakati pa mudzi kapena a sukulu yapafupi.

Ngati simunafune kuti mtengowo utuluke, ikani fayilo pa webusayiti ya auspice.us ya gulu la Nextstrain: imaonetsa mtengo m'kompyuta mwanu momwemo osautumiza kwina. Ndipo FigTree, pulogalamu yotsegulira mitengo yotere, muikhazikiretu mu laputopu, chifukwa iyo imagwira ntchito ngakhale bando itatha.