Banki yakana cheke chifukwa dzina la bizinesi silinalembetsedwe

Achemwali, mwafunsa chifukwa chomwe banki yakanira cheke cholembedwa m'dzina la bizinesi yanu yokonza m'nyumba za anthu ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America, komanso ngati mukuyenera kutsegula kampani. Vuto lagona pa dzinalo. Banki ikudziwa inuyo, koma dzina lomwe lili pachekepo silikupezeka m'kaundula wa boma, ndiye alibe umboni woti ndalamazo ndi zanu.

Ku Oregon, ukamachita bizinesi ndi dzina lomwe mulibe dzina lako lenileni, umayenera kulembetsa chomwe amachitcha assumed business name, ena amangoti DBA. Amalembetsa ndi a Corporation Division ku ofesi ya Secretary of State ku Salem, koma simufunika kupitako. Zonse zimatheka pa intaneti, pa Oregon Business Registry, ndipo mtengo wake ndi madola 50. Musanalipire, fufuzani kaye pomwepo ngati wina sanatenge kale dzinalo. Pafomu adzakufunsani ma county (maboma ang'onoang'ono a m'chigawochi) omwe muzigwiramo ntchito. Alipo 36, ndipo ine ndingati sankhani onse, chifukwa lero muli ku Multnomah koma mawa kasitomala akuitanani ku Beaverton, komwe ndi Washington County.

Samalani ndi adiresi yomwe mulembe. Kaundulayu ndi wapoyera, aliyense angathe kutayipa dzina la bizinesi n'kuona mwini wake ndi komwe ali. Kwa mayi amene amalowa m'nyumba za anthu osawadziwa, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Pali china chomwe ambiri a ife timachimva molakwika, ndipo chimandidetsa nkhawa. Pepalali silikutchinjirizani ku chilichonse. Limangouza anthu kuti kuseri kwa dzinali kuli uje. Pamaso pa lamulo, inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi. Mukathira mankhwala olakwika pa kauntala ya mwala m'khitchini ya kasitomala n'kuiwononga, akakusumirani ndi inuyo, ndipo ndalama zomwe mwasunga ku akaunti yanu, ngakhale zomwe mumati mutumize kumudzi, zili pachiswe. Ngati mukufuna mpanda pakati pa chuma chanu ndi bizinesi, ndi pamene mumatsegula kampani ya mtundu wa LLC, yomwe ku Oregon ndi madola 100 polembetsa ndi madola 100 chaka chilichonse. Koma kwa munthu wogwira yekha ngati inu, ine ndingayambe ndi inshuwalansi, chifukwa cholakwa chochita ndi manja anu chimakutsatanibe ngakhale muli ndi LLC. Dziwaninso kuti kulembetsa sikukupatsani umwini wonse wa dzinalo. Imeneyo ndi nkhani ya trademark, kutanthauza kuteteza dzina kapena chizindikiro cha malonda mwalamulo, ndipo ndi njira ina.

Tsopano za kukonzanso. Dzinali limakhala zaka 2, kenako mumalipiranso madola 50. Zaka ziwiri zimaiwalika msanga kusiyana ndi chaka chimodzi, makamaka poti ambiri timasamukasamuka, kalata yokumbutsa n'kukagwera ku nyumba yakale. Lembani tsikulo mufoni tsiku lomwelo lomwe mwalembetsa, ndipo mukasamuka sinthani adiresi m'kaundula. Dzinali likatha ntchito, wina angathe kulitenga pamene inu mwasindikiza kale makadi ndi kulemba dzinalo pagalimoto. Choopsa kwambiri n'choti kasitomala akakana kukulipirani, khoti likhoza kukana kumva mlandu wanu m'dzina losalembetsa mpaka mutakonza.

Mudzalandiranso makalata ooneka ngati a boma, a chidindo ndi tsiku lomaliza lolembedwa mwakuda bii, ofuna ndalama zoposa apa kuti akukonzereni. Werengani timalemba tating'ono pansi. Nthawi zambiri amavomera okha kuti si a boma. Lipirani pa webusaiti ya Secretary of State basi.

Mukalembetsa, tengani EIN (nambala ya msonkho ya bizinesi) ku IRS, bungwe lotolera misonkho la dziko lonse, ndi yaulere, ndipo mulembetsenso ku Revenue Division ya mzinda wa Portland pa za msonkho. Kenako pitani ku banki ndi mapepala amenewa pamodzi ndi ID yanu mukatsegule akaunti ya bizinesi, chekecho chikalowa.

Abale a ku Texas mukuwerenga apa, musatengere izi. Kwanuko munthu wogwira yekha amalembetsa kwa county clerk, ndipo satifiketi imatha kukhala mpaka zaka 10. Ndipo amene muli pa viza ya sukulu ya F-1, kulembetsa dzina si chilolezo chogwira ntchito, funsani kaye loya wa za immigration musanalandire cheke choyamba.